Mpunga Wofiira wa ku Chia

Loko anali wosathyoka, chitseko chili bwinobwino, zitsulo za pazenera zili m'malo mwake, koma matumba a mbewu munalibe. Sajeni Fidelis Paulo anaima m'chipinda chosungiramo mbewu pa siteshoni ya kafukufuku wa mpunga kufupi ndi Chia, thukuta likuyenderera m'khosi, akuyang'ana pansi. Panali posesedwa bwino, mpaka m'makona. Wakuba wanji amene amati akaba n'kusesa?

Mbewuyo sinali mbewu wamba. Kwa zaka zambiri Dokotala Mzomera, amene boma linamutumiza kunja kukaphunzira za mbewu, anakhala akukwatitsa faya wathu wonunkhira uja ndi mpunga waufupi wa kutsidya kwa nyanja zamchere, umene sugwa ndi mphepo ndipo umacha msanga. Ntchitoyo ankaigwira ndi katswiri wochokera kwa eni mpunga waufupiwo. Loweruka la sabata imeneyo kunkabwera akuluakulu a dziko limenelo kudzaona mbewuyo ndi kusaina mgwirizano wa mayiko awiriwa pa sayansi ndi luso: makina, labotale, malo a sukulu kunja kwa ana athu. Miyala yonse ya m'mbali mwa msewu inali itapakidwa kale laimu. Chokhacho chimene alendowo ankadzera ndicho chinasowa.

Ndipo wakuba anali atapezeka kale Sajeni asanatsike n'komwe panjinga. A Alufandika, tcheyamani wa chipani m'dera lonselo, anali atalengeza kuti Mzomera wabisa mbewu dala kuti achititse boma manyazi pamaso pa alendo. Chinali chaka chija aphunzitsi a Kumpoto anawakweza m'malole kuwabweza kwawo, choncho munthu wa dzina ngati Mzomera sankafunika umboni wochuluka. Zoti anabadwira ku Dwambazi, m'boma lomwelino, akanazimva ndani? Anali kale m'chitokosi pa boma. Insipekitala anauza Sajeni mosapsatira kuti akapanda kupeza wakuba wina alendo asanafike, a Sipesho Bulanchi adzamutenga munthuyo. Aliyense ankadziwa kuti amene watengedwa ndi amenewo, mkazi wake amayamba kuzolowera kugona yekha.

*

Mzomera anali munthu wowonda, wamagalasi. Anali atamulanda lamba, ndiye ankayankhula dzanja lina litagwira buluku. Sanalire, sanapemphe chifundo. Anafotokoza ngati ali m'kalasi kuti Lachisanu m'mawa anapita ku Dwangwa panjinga yamoto kukaona minda yoyeserera, anagona komweko, ndipo alimi a kumeneko akhoza kumuchitira umboni. Lolemba atatsegula chipinda anapeza mwayera. Kiyi wina ankasunga iye, wina ankasunga kalaliki wa siteshoni, Marjory Lewis.

Sajeni atamufunsa ngati ali ndi adani, Mzomera anaseka pang'ono. Anati pamsonkhano wokonza mgwirizanowo ku Lilongwe iye anaimirira n'kunena kuti mbewuyo ikhale ndi dzina la kuno, ndiponso kuti alendo aphunzitse ana athu kukwatitsa mbewu, osati kumangowanyamulira ndowa za madzi. Anawauza kuti wina akamalima, wina n'kumakolola, umenewo si mgwirizano koma ganyu. M'chipindamo munthu wina wakumbuyo, amene sanali wa zaulimi, anamuyang'ana nthawi yaitali.

Sajeni akutuluka, Mzomera anamugwira malaya.

"Sajeni, mbewuyo ndinaipaka mankhwala ofiira oiteteza ku tizilombo. Si yodya. Pamatumba tinalembapo, tinajambulaponso chigaza. Mukaipeza musalole mwana aliyense aigwire."

*

Mlonda wa siteshoni, a Useni, anali nkhalamba yamkanjo woyera, yakale kuposa siteshoniyo. Anayamba ndi kulumbira kuti Wallahi, chitseko chimenecho amachisunga kuposa chitseko cha nyumba yawo. Anati pamalopo sachokapo, kupatula Lachisanu masana akamapita ku mzikiti kukaswali Ijumaa, ndipo zimenezo anawaloleza ndi Dokotala mwiniwake. Palibe munthu wa ku Chia amene sadziwa kuti nthawi imeneyo pasiteshoni sipakhala mlonda.

Sajeni anafunsa chimene anapeza atabwerako. A Useni anayang'ana kumsewu, kenaka kumapazi awo. Anati anapeza ndowe za ng'ombe pakhomo pa chipindacho, zaziwisi, ndi mizere ya matayala a ngolo. Anapezanso mwana wamkazi wa mu ofesi uja akusesa, chinthu chimene sanachionepo chiyambire.

"Ngoloyo inali ya ndani?"

"Bwana, ine ndine mlonda wa chitseko, sindine mlonda wa makiyi. Ngolo kuno n'zowerengeka. Koma ndili ndi banja, khadi langa la chipani ndinagula, ndipo ndikufuna kudzafera pamphasa yanga. Allah akudziwa. Inunso mukafuna mudziwa."

Atatero anatola mkeka wawo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, atafulatira.

*

Marjory Lewis ankataipa ndondomeko ya mwambo wa Loweruka. Anali atavala nsalu ya chipani pamwamba pa diresi, mu ofesi, kukutentha chotero. Sanadikire kufunsidwa. Ananena mothamanga, ngati mwana wolakatula ndakatulo yoloweza, kuti Lachisanu masana iye kunalibe, anali kutchalitchi cha Angilikani kuphunzira nyimbo za kwaya, ndipo kiyi anali m'chikwama chake tsiku lonse.

Tsoka lake, Sajeni Paulo anali wa Angilikani yemwenso, wobatizidwa ndi kulimbikitsidwa, ndipo mkazi wake ankayimba m'kwaya yomweyo. Anamukumbutsa modekha kuti kwaya imakumana Lachinayi. Anawonjeza kuti tsache lake waliona, ndipo limasesa bwino.

Zala zinaima pamakina. Misozi inayamba kugwera papepala la mwambo, pomwe panalembedwa mayina a alendo olemekezeka. Sajeni anadikira. Anamva chisoni, inde, koma anamvanso ukali, chifukwa munthu anali m'chitokosi atagwira buluku ndi dzanja pomwe mtsikanayu ankataipa za magule.

"Achimwene," anatero Marjory motsitsa mawu, "akanakhala inuyo, atakupezani muli nokha, ali ndi ayufi a chipani kumbuyo kwawo, n'kunena kuti tsegula, mukanakana?"

Dzina sanatchule. Sajeni anayesa njira zonse, kunyengerera ndi kuopseza komwe, koma mtsikanayo anangoti ali ndi mayi ake odwala amene amadalira iyeyo. Anapukuta m'maso n'kulowetsa pepala lina m'makina.

*

Katswiri wakunja uja dzina lake linkapinda lilime, ndiye anthu anangomutcha Dokotala Chipewa chifukwa cha chisoti chachikulu chamlaza chimene sankavula. Sajeni anamupeza pakhonde la nyumba yake akusanja zithunzi za mpunga zokaonetsa alendo. Anali munthu waulemu, anapereka mpando ndi madzi ozizira a m'filiji. M'Chichewa chake chodukaduka anati Mzomera ndi mnzake, ndi munthu wanzeru kwambiri, ndipo zomwe zachitikazi zikumupweteka mtima.

Kenaka, pofuna kutonthoza wapolisiyo, anamutsina khutu kuti ntchitoyo sinafe. Mbewu ina anali ataitumiza kale ku yunivesite ya kwawo. Ili m'chipinda chozizira, yasungika bwino, ndipo chaka chamawa adzaibzala kumeneko.

Sajeni anaimirira msangamsanga. Anamupempha kuti akwere galimoto nthawi yomweyo akanene zimenezo kwa Insipekitala, kuti mbewu sinatayike yonse, boma silinachite manyazi, munthu atuluke. Chipewa anavula chisoti chija koyamba n'kumachizunguliza m'manja. Anati mbewuyo inapita m'sutukesi yake popanda chilolezo cha boma la kuno, ndipo zikamveka, mgwirizano wonse ufera m'mazira. Nanga makina aja, nanga ana opita kusukulu aja? Komanso m'malamulo a ntchito yake munalembedwa kuti katswiri asalowerere nkhani za m'dziko la eni.

"Ine sayansi basi, bwana Sajeni. Ndale ayi."

Sajeni anasiya madzi aja osamaliza. Ndiwo ubale wake umenewo: mbewu inapeza malo m'sutukesi n'kuwoloka nyanja, koma mwini mbewu sanapeze malo ngakhale m'kamwa mwa mnzake. Anakwera njinga n'kutsata mizere ya ngolo ija mumchenga.

*

Mizereyo inadutsa m'minda ya chinangwa n'kukathera pabwalo la mudzi wina m'mbali mwa dambo la Chia. Pabwalo limenelo amayi a mbumba ya chipani, ochokera m'midzi yonse yozungulira, ankasonkhana masana aliwonse kuphunzira nyimbo ndi magule olandirira alendo. Sajeni ankayembekeza kumva ng'oma ali patali. Kunali chete. Ng'oma zinali zitagonekedwa pansi pa mtengo, ndipo chimene chinkamveka ndi mawu a mayi mmodzi amene ankatukwana mudzi wonse.

Mayiyo anali Dailesi, wamfupi, wamawu ngati wenzulo, ndipo kuti pabwera wapolisi sanasamale n'komwe. Anamukokera kuseri kwa nyumba n'kumuonetsa abakha ake atafa ngundangunda padzala, miyendo m'mwamba. Ankafuna kudziwa kuti amulipira ndani. Anati mfiti za m'mudzi muno zayamba ndi abakha, tsopano zalowa m'mimba mwa anthu, chifukwa kuyambira Loweruka lapitali amayi onse ovina akungothamangira kuchimbudzi, ena akusanza, ndipo mayi wina wachikulire amutengera kuchipatala pa boma. A zaumoyo akuti ndi madzi oipa. Madzi ake ati, omwe akhala akumwa chibadwire?

Sajeni ankayang'ana padzalapo. Mankhusu amene abakhawo anadya anali ofiira. Pafupi panali mitondo, ndipo m'kati mwake munali mofiira ngati mwasinjidwa katondo.

Anafunsa za mpungawo, ndipo Dailesi anayankha ngati nkhani yachabe. Anati amene anaubweretsa ndi a tcheyamani pangolo yawo Lachisanu masana, akuti ndi mphatso ya boma yodyetsa amayi, poti munthu savina ndi njala. Amayi ena anadabwa ndi mtundu wake, koma a tcheyamani anati umenewo ndi mpunga wa alendo, kwawoko umamera wofiira. Anaupuntha, anaupeta, anautsuka mpaka madzi anayera. Ndipo kunena zoona unali wokoma. Unkanunkhira ngati faya, koma wofufuma kuposa faya.

"Nanga matumba ake ali kuti, mayi?"

Dailesi analoza kubafa. Anali atawang'amba n'kuwasoka kukhala chotchinga pakhomo. Zilembo za Chingerezi ndi za chiyankhulo cha alendo zinali pomwepo, ndipo chigaza chija chinali chozondoka, chikuyang'ana aliyense wolowa kukasamba. Anati chithunzicho anachiona, ankayesa ndi chizindikiro cha kampani.

Ntchito ya zaka zonse zija inali itaphikidwa m'miphika ya magule, kudyedwa ndi amayi okonzekera kuvinira alendo amene ankabwera kudzaiona. Sajeni anamatula thumba limodzi, anatapa mankhusu m'kansalu, n'kuuza Dailesi kuti abakhawo awakwirire, asayerekeze kuwaphika. Popalasa njinga kubwerera pa boma ankadzimva kupepuka. Wakuba anali atamupeza, umboni uli pakaliyala, ndipo Loweruka linali lisanafike.

*

Insipekitala anayang'ana thumba ndi mankhusu zili patebulo pake ngati munthu amene wamubweretsera njoka. Anati nkhani yotere siyoti iye aweruze yekha, ndipo anatuma galimoto kukatenga a tcheyamani. Galimoto, osati unyolo. Sajeni anazindikira kusiyanako koma anadzilimbitsa mtima.

A Alufandika analowa atavala safari suti yotuwa, baji ya chipani ili pachifuwa. Anakhala pampando asanauzidwe, anamvetsera zonse mpaka kumapeto osadula mawu, akugwedeza phazi. Sajeni anafotokoza za ngolo, za nthawi ya Ijumaa, za mitondo ndi abakha. Dzina la Marjory analisiya.

Munthuyo sanakane kanthu.

"Ndinatenga, inde. Mpunga wa boma, amayi a boma, alendo a boma. Ndabera ndani?"

Anafunsa Insipekitala ngati pali mwambo wa chipani umene unachitikapo m'boma lino popanda kutapa chakudya kusukulu, kumaofesi, ngakhale kupolisi komwe. Kodi chaka chatha sanatenge mbuzi kuseri kwa polisi ino? Alipo anadandaula? Insipekitala anagwedeza mutu kuti ayi. Zinali zoona, ndiye kuipa kwake. Aliyense ankadziwa kuti kukamabwera alendo, chilichonse chodyedwa chimene chili pa malo a boma n'cha a tcheyamani.

Sajeni anawakumbutsa kuti iwo omwe ndi amene anamangitsa Mzomera ponena kuti wabisa mbewu. A Alufandika anati iwo anatenga mpunga, za mbewu sankazidziwa. Kenaka anatembenuka n'kumuyang'ana Sajeni m'maso koyamba, ndipo anafunsa mofatsa, ngati munthu wofuna kuphunzira, kuti chimene chadwalitsa amayiwo n'chiyani kwenikweni.

Sajeni anati ndi mankhwala oteteza mbewu.

"Anapaka ndani?"

"Dokotala Mzomera. Koma ndi mmene amachitira akatswiri kulikonse, mbewu yosunga amaipaka. Pamatumba analembapo."

"M'Chichewa?"

Sajeni anati ayi, m'Chingerezi ndi m'chiyankhulo cha alendo.

"Mwamva, bwana Insipekitala? Sindinanene ndine. Wanena ndi Sajeni wanu. Munthuyu amadziwa kuti kukubwera alendo. Amadziwa kuti amayi adzafuna chakudya, ndipo amadziwa kumene timatenga. Ndiye anathira poizoni mumpunga, chenjezo n'kulemba m'zilankhulo zoti amayi athu asamve, iye n'kuthawira ku Dwangwa. Ine ndimayesa wangobisa mbewu. Kani amafuna kupha mbumba."

Mawu omalizawo anagwa m'chipindamo ngati mwala m'chitsime. Kuba mbewu ndi mlandu, munthu amakaonekera kukhoti, amaitana mboni. Koma kukhudza mbumba m'masiku amenewo sunali mlandu wopita nawo kukhoti. Sajeni anayamba kuyankhula msangamsanga, za chigaza chojambulidwa, za chenjezo limene Mzomera anamupatsa yekha m'chitokosi. A tcheyamani anangoti ndiye kuti ankadziwadi kuti ndi poizoni. Chilichonse chimene Sajeni ananyamula kuchokera ku Chia kuti chimasule munthu, a Alufandika ankachitola n'kuchisandutsa chingwe.

Insipekitala anali atagwira kale telefoni. Anauza Sajeni kuti wagwira ntchito yotamandika, atuluke. Sajeni sanasunthe. Insipekitala anatseka pakamwa pa telefoniyo ndi dzanja n'kumufunsa motsitsa ngati ana ake akufuna adzamalize sukulu bambo awo alipo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero akuluakulu, koma saonjezapo kuti mwala umene unatola umakagwera wina. Sajeni anamenya sawasha n'kutuluka.

*

A Sipesho Bulanchi sanadikirenso Loweruka. Landirova yawo inafika mawa lake masana, dzuwa lili paliwombo, n'kuima kuseri kwa polisi injini osazimitsa. Kumsewu ana asukulu ankaguba kuyeserera kulandira alendo. Dokotala Chipewa anadutsa pagalimoto yake atanyamula zithunzi zija, akupita kukakongoletsa holo, ndipo sanayang'ane kumbali. Makiyi a chitokosi tsiku limenelo anali ndi Sajeni Paulo.

Mzomera anaimirira atangomva loko. Anayang'ana nkhope ya Sajeni, kenaka nsapato zake, zimene zinali zikadali ndi timankhusu tofiira m'zingwe.

"Mwaupeza," anatero, nkhope ikuwala.

Sajeni anavomera ndi mutu. Anamuuza mwachidule kumene unapita ndi mmene unathera. Mzomera anatsamira khoma n'kuvula magalasi. Zaka zake zonse zinali zitapita m'mimba mwa anthu, koma chimene anafunsa n'chakuti kodi alipo wamwalira. Sajeni anati ayi, onse akuchira, ngakhale mayi wa kuchipatala uja wayamba kumwa phala.

"Mulungu ngwabwino. Mbewu tidzayambiranso, makolo ake akadalipo m'munda. Zikomo, Sajeni. Ndinadziwa kuti inuyo mufufuza zenizeni. Tsono lamba wanga ndikatengere kuti?"

Sajeni anatulutsa unyolo m'thumba. Mzomera anauyang'ana, anamvetsera kulira kwa injini kuseri kwa khoma, ndipo kuwala kuja kunachoka pang'onopang'ono. Sanafunse kuti chifukwa chiyani. Anali munthu wanzeru, anawerenga yekha. Anavalanso magalasi, anasiya buluku kuti lidzigwire lokha m'chiuno, n'kutambasula manja onse awiri.

"Mukawauze amayiwo asasinjirenso m'mitondo imeneyo," anatero. "Kutsuka sikuthandiza. Aiwotche."

Manja ake anali owonda kwambiri, moti Sajeni anachita kufinya unyolowo mpaka dzino lomaliza kuti ugwire.